Ziweto za m'mimba mwa a Basil

Ine ndinabwera kuno kutsidya kwa nyanja ngati mphunzitsi, kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndipo boma litandiiwala nanenso ndinaiwala njira yobwerera. Ndinapuma ntchito konkuno, m'mudzi wa pafupi ndi mishoni, panjira yopita ku Lungwena. Mpanda wanga ndi wa a Esime ndi umodzi, moti nkhuku zathu sizidziwa kuti mwini wake ndani. Choncho ndikamanena za mayi ameneyu sindikunena zomva m'maluwa.

A Esime ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula. Akuluakulu amawatchula kuti Abiti Wadi, poti bambo awo, a Wadi, anali msodzi wachisilamu wa ku Makanjira. A Esime sukulu anangoilawa. Chomwe anaphunzira n'kuweta. Mbuzi yoti ena aitaya mtima, ikalowa m'khola mwawo imatuluka ndi mapasa, ndipo abakha awo amayenda monyang'wa ngati mabwana a kuboma. Ali mtsikana, kwawo kunabwera mmisiri kudzakhoma boti la bambo awo. Ntchito yake inali yochepa koma inachedwa kutha modabwitsa, ndipo pochoka mmisiriyo anatenga malipiro ndi mwana wamkazi yemwe. Mmisiriyo ndiye a Basil. A Esime anabatizidwa, ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi cha Angilikani, ana anabadwa, woyamba Olivia. Koma zaka zonsezi mlamu wawo, a Annette, mlongo wake wa a Basil, ankadikira tsiku limene mkazi wobwerayu adzaonetse mawanga ake.

A Basil ndi munthu wabwino, ndisawanamizire. Mowa samwa, mkazi samenya, ndipo akamaimba besi m'kwaya malata amanjenjemera. Vuto lawo linali limodzi, ndipo linkakhala m'thumba la malaya: kachitini ka mchere. Ankayenda nako kuntchito, kumaliro, kuukwati. Ndiwo ankazithira mchere asanazilawe, atazilawa n'kuthiranso. Ankathira pamango, pachimanga chootcha, ngakhale pausipa wofutsa umene asodzi authira kale mchere kugombe. Nsima ankafuna ya ufa woyera mbee. Mgaiwa ankati ndi wa akaidi, nyemba ndi za ana a sukulu yogonera komweko, ndipo ukawapatsa masamba ankafunsa ngati mbuzi za mkazi wawo zakhuta kale.

Kumene njira imeneyi imathera a Esime ankakudziwa. Mkulu wawo wa a Basil, a Nathaniel, anagwa pabwalo la tchalitchi tsiku lina Lamulungu, pakamwa patapotoka, mbali imodzi ya thupi itafa. Anagona pamphasa nthawi yaitali asanamwalire, osalankhula, akungoyang'ana anthu. Ambiri ankabwera kudzaimba nyimbo n'kumapita. Wowatembenuza, wowasambitsa ndi wowamwetsa phala anali a Esime, pothandiza mkazi wa a Nathaniel amene anali atatopa. Maliro atatha anandiuza mawu amodzi okha, tikutsuka mbale: "Aphunzitsi, mphasa imene ija sindikufuna ilowe m'nyumba mwanga."

Sipanapite nthawi, a Basil anayamba kudandaula mutu wa kunkhongo ndi chizungulire. Kenaka nsapato zawo za Lamulungu zinayamba kukana mapazi. Iwo ankati nsapato za masiku ano zimachepa zokha. Tsiku lomwe analolera kupita kuchipatala anapita ndi a Esime, ndipo inenso ndinapita nawo, poti bondo langa linkandivuta. Tinapeza a Wongani, dokotala wachinyamata wa ku Rumphi, wolankhula Chichewa chokhala ndi kafungo ka kwawo. Anawamanga lamba pamkono, napopa, nayang'ana. Anamasula, namanganso, napopanso.

"Bambo, mwabwera pa chiyani?"

"Panjinga."

"Mwapalasa nokha?"

"Nanga angandipalasire ndani?"

A Wongani anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, BP yoti munthu sayenera kuyenda nayo mumsewu. Anawapatsa mapiritsi n'kuyamba kufotokoza za kadyedwe. Atangotchula mchere, a Basil anakumbukira kuti asiya phula pamoto kugombe, natuluka. Tinatsala ine ndi a Esime, ndipo dokotala uja, posafuna kuti mawu ake apite pachabe, anatembenukira kwa ife.

"Mayi, m'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tochuluka kuposa usipa wa m'nyanjamu. Si tonse toipa, tina ndi tomwe timatisunga. Tabwinoto tikapeza gaga wa mumgaiwa, nyemba, nandolo, masamba, timatulutsa zinthu zimene zimalowa m'magazi n'kufewetsa mitsempha, ndiye magazi amayenda mosakakamizika. Koma munthu akamadya mchere wambiri, ufa woyera ndi zokazinga zokhazokha, timachepa. Komanso mcherewo pawokha umasunga madzi m'thupi. Si zonse zomwe tikuzidziwa, akatswiri akufufuzabe. Koma mchere achepetse, ndipo mapiritsi asasiye."

Ine ndi maphunziro angawa ndinangogwedeza mutu. A Esime anasendera kutsogolo pabenchi.

"Ndiye kuti ndi ziweto."

"Tinene choncho, mayi."

"Zimaswana?"

"Mukazidyetsa bwino, kwambiri."

"Nanga zikatha, mbewu yake amakaitenga kuti?"

"Sizitheratu. Thobwa ndi chambiko zimathandizanso."

Pobwerera tinayenda limodzi mpaka pamlatho. Pamenepo a Esime anati, "A bambo a Olivia khola ali nalo lalikulu, koma mulibe kanthu." Sanaseke, ndipo inenso ndinaona kuti si nthabwala.

Anayesa njira zonse za mkazi wapabanja. Anachepetsa mchere m'ndiwo, a Basil anatulutsa kachitini. Anabisa kachitini, a Basil anapeza kena kokulirapo. Anaphika nsima ya mgaiwa, a Basil anaiyang'ana, nafunsa kuti alakwa chiyani kuti amangidwe, n'kupita kukadya tchipisi kugombe. Mapiritsi anamwa masiku ochepa n'kusiya, ati akuwasandutsa mpopi, munthu sangakhome boti akuthamangira kutchire nthawi ndi nthawi. Olivia anaimba foni kuchokera ku Blantyre, analira, anakalipa. Bambo ake anamuuza kuti agogo ake ankadya mchere ndi dzanja ndipo anafa ndi ng'ona. Mapazi anapitiriza kutupa, kenaka nkhope nayo inayamba kudzaza, ndipo akakwera kamtunda ka kutchalitchi ankaima kupuma ngati akusirira mitengo.

Apa m'pamene a Annette analowa m'nkhaniyi. Anafika m'mawa wina, anagwada pafupi ndi mchimwene wawo, nadina phazi ndi chala. Chalacho atachichotsa panatsala kadzenje.

"Achimwene, mapazi awa si a BP."

Kenaka anatembenukira kwa a Esime, amene ankasesa. "Alamu, tandiuzani. Mchere m'nyumba muno amathira ndani?"

"Ndine."

"Basi," anatero a Annette, n'kudzuka.

Kwa amene sadziwa: makolo ankati mkazi akazembera mwamuna wake, dzanja lake limatentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo, mwamunayo amatupa miyendo ndi nkhope, pachifuwa pamamanga, mapeto ake ndi manda. Kwathu timati tsempho kapena mdulo, anzathu a Chiyao amati ndaka. Kutchalitchi timaimba kuti zimenezi tinazisiya. Tinazisiyadi, koma tinazisiya pafupi, poti n'kuzitenga zikafunika.

Mkazi anapezeka, kunatsala kupeza mwamuna. Sizinavute. Panali a Bryson, mkulu wina wogula mbuzi, woyenda panjinga yopanda mabuleki, mano owerengeka m'kamwa. Anthu anakumbukira kuti akabwera, iye ndi a Esime ankazungulira kuseri kwa nyumba n'kukhalitsako. Zoti kuseriko n'kumene kuli khola palibe anazikumbukira. Zoti a Esime ndi mayi wa zidzukulu, tsitsi loyera, nazonso sizinawerengedwe. A Annette anati munthu wosiya chipembedzo cha bambo ake chifukwa cha mwamuna, n'chiyani chomwe sangasiye.

A Annette anawatenga mchimwene wawo kuti azikadya kwawo, kumene manja ndi ozizira. Anawaphikira mwachikondi: chambo chokazinga, utaka wouma, mchere wosaumira. A Basil anadya ngati munthu wotuluka m'ndende, ndipo sabata isanathe anagwa m'boti lomwe ankakhoma, asodzi n'kuwanyamula. Anatsitsimuka, manja ndi miyendo zikugwirabe ntchito, koma anaona manda ndi maso. Pamenepo banja linaitana a Macloud, malume awo a a Basil, munthu wokalamba, amenenso ndi nkhoswe ya ukwatiwo. A Macloud anayang'ana mapazi, nayang'ana kumwamba, nagamula kuti tsempho lakhazikika. Tsopano mchere uliwonse, wochokera m'dzanja la aliyense, ndi mpeni. Asaulawe mpaka mkazi aulule. Akaulula, padzapezeka mankhwala osakaniza ndi mchere, onse awiri adzanyambita, ndipo a Basil adzabwerera kudya monga kale.

Zimene analephera dokotala, mkazi ndi mwana, tsempho linazichita tsiku limodzi. A Basil anaponya kachitini kaja m'nyanja ndi dzanja lawo. Anayambanso kumwa mapiritsi, poti mantha sasankha mankhwala. Kwa a Annette sanakhalitseko, chifukwa kuphika kopanda mchere kunawakanika, ndipo ana a m'nyumbamo anayamba kung'ung'udza. Ndiye anabwerera kwawo. Panalibe choopsa, poti dzanja lotentha popanda mchere silipweteka munthu. Analowa m'nyumba osapereka moni, nakhala pampando, nadikira chakudya kuchokera kwa mkazi amene ankakhulupirira kuti wafuna kuwapha.

A Esime anapita kuchigayo ndi chimanga chosakonola. Nsomba yopanda mchere imakoma ngati nsanza yonyowa, ndipo a Basil anazindikira okha msanga. Koma nandolo wa tomato ndi anyezi amadyeka. Chitambe chotendera nsinjiro chimadyeka. Bonongwe wofinyira ndimu, khobwe, mbatata, phala la malambe m'mawa, thobwa masana, chambiko akachipeza kwa oweta ng'ombe. Ngakhale mgaiwa uja anaona kuti uli ndi kakomedwe kakekake kamene ufa woyera ulibe. Ankadya atakwinya nkhope, akuyang'ana kukhoma, koma mbale inkabwerera yoyera. Ine ndikamva mtondo ukulira kuseri kwa mpanda ndinkafunsa kuti kukuphikidwa chiyani, iwo n'kuyankha kuti, "Ndikudyetsa ziweto."

Mvula isanagwe nsapato zinayamba kulowa. Mutu unaleka, kamtunda ka kutchalitchi anayamba kukwera akulankhula. A Wongani anamanga lamba, napopa, namwetulira koyamba.

"Bambo, mwachita bwanji?"

"Ndasiya mchere."

"Mwaonatu! Ndinakuuzani kuti vuto ndi mchere."

"Eya, ndi mchere," anatero a Basil. "Kumudzinso akunena zomwezo."

Dokotala uja anasangalala kuti anthu a kumudzi ayamba kumvetsa za umoyo.

Kumudziko nkhani inali itapsa. Munthu ankatupa akudya mchere wa mkazi wake, wausiya, waphwa. Umboni wina ungafunikenso wotani? Amene ankakayika anasiya kukayika. A Esime akafika pamjigo, macheza ankaduka, kumangomveka chitsulo. M'tchalitchi benchi la amayi limene kale linkathina linayamba kukhala ndi malo mbali zonse ziwiri za iwo. Pamaliro, pamene kale ankawapatsa mphika waukulu wa ndiwo, anayamba kuwatuma kotunga madzi. A Bryson anasintha njira, moti mbuzi zinadzaza khola popanda wogula. Mwamuna wa a Esime akamanenepa bwino, dzina lawo linkaonda.

Ine zinandipsetsa mtima. Ndaphunzitsa theka la mudzi uno kuwerenga, ndipo anthu omwewo, ena a mayunifomu a kutchalitchi, ankanong'onezana za dzanja lotentha ngati sanaonepo khomo la kalasi. Tsiku lina ndinalowa kwa a Esime osaodira. Ndinawapeza akusankha nyemba palichero.

"Amake Olivia, ine ndatopa. Mawa ndikukawatenga a Wongani adzafotokoze pamaso pa a Macloud ndi a Annette. Awauze za mchere, za mitsempha, za tizilombo tija. Inu simunalakwe kanthu."

"Ndikudziwa kuti sindinalakwe."

"Ndiye mwangokhala chete bwanji?"

Anataya kamwala kunja, nati, "Aphunzitsi, a bambo a Olivia akamva kuti si tsempho, achita chiyani?"

Ndinayamba kuyankha, koma yankho lake ndinaliona ndisanalitchule.

"Adokotala anawauza, anamva? Olivia anawauza, anamva? BP saiopa, amati ndi matenda a pawailesi. Tsempho ndiye amaliopa. Mukawachotsera limenelo, mawa lomwe kachitini kabwerera m'thumba." Anapeta nyemba zija. "Ziweto zangoyamba kumene kuswana."

"Nanga dzina lanu?"

"Dzina silifuna kutembenuzidwa pamphasa."

Ndinatuluka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene anasambitsa a Nathaniel sanali ine.

Koma mlandu sukanangokhala choncho. A Basil, atapeza mphamvu, anayamba kulakalaka mchere, ndipo anakakamiza ankhoswe kuti nkhani ithe. Anakhazikitsa tsiku. Kuchokera ku Makanjira kunabwera a Swadick, mchimwene wawo wa a Esime, amene ndi nkhoswe ya kuchikazi. Anafika palole, fumbi mpaka m'nsidze, atavala mkanjo ndi kofia, nkhope ili gwa. Ine anandiitana ngati woyandikana nawo nyumba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mawa, amuna pamipando, ife amayi pamkeka. Pakati anaika mbale ya nsomba yophika yopanda mchere, pambali pake kambale ka mchere.

A Macloud analankhula mwaulemu, poti si munthu wankhanza. Anati palibe amene akufuna ukwati uthe, anthu akalamba limodzi. Njira zilipo ziwiri. Ngati mayi analakwa, anene, mankhwala alipo, anyambite, ziiwalike. Ngati sanalakwe, atape mchere ndi dzanja lawo, athire m'mbalemo pamaso pa anthu, bambo adye, ndipo azithira choncho masiku onse, poti dzanja loyera siliopa. Njira zonse ziwiri zinkathera pamalo amodzi, ndipo a Basil ankayang'ana kambale kaja akumeza malovu.

A Esime anakhala manja ali pamiyendo.

"Chemwali, thirani," anatero a Swadick. "Ine ndikukudziwani. Tinayamwa bere limodzi. Thirani tiwachititse manyazi anthu awa, ine ndikwere lole ndibwerere."

Sanasunthe.

"Abiti Wadi," anatero mchimwene wawoyo, mawu atatsika, "dzina limene mukuliipitsali si lanu nokha. Ndi la bambo athu, ali m'manda. Tapani mcherewo."

Ndinawaona a Esime akuyang'ana kambale, n'kuyang'ananso mapazi a mwamuna wawo, amene tsopano mitsempha inkaoneka bwinobwino. Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kutapa mcherewo ndekha n'kuwaza pamutu pa a Annette. Koma ndinali nditapatsidwa kale yankho langa palichero paja.

"Dzanja langa lisakhudze mchere," anatero a Esime.

A Annette anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva nokha!"

"Ndiye kuti mukuvomera, mayi?" anafunsa a Macloud.

"Sindinavomere."

"Mukukana?"

"Sindinakane."

"Nanga tichite chiyani?"

"Nsombayo ikuzizira. Adye choncho."

Anawafunsa mokoma, anawafunsa mokalipa, dzuwa linafika pamutu. Popanda kuulula mankhwala sangaperekedwe, popanda kuthira mlandu sungafafanizidwe. A Macloud anapukusa mutu, nati mlandu suwola, udikira tsiku limene mayi adzatsekule pakamwa, ndipo kufikira tsikulo bambo asayerekeze kulawa mchere. A Swadick anadzuka osatsanzika. A Esime anawatsatira mpaka kumsewu atanyamula thumba la mbatata, koma iwo sanalilandire, ndipo sanatembenuke. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano. Foni ya mlongo wawo sayankha.

Madzulo ake a Esime anachapa yunifomu yawo ya bungwe la amayi, yabuluu ija, naisita, naipinda, naiika pansi pa sutikesi. Palibe anawalanda. Anati safuna kuti amayi anzawo avutike posankha wodzawauza. Olivia atamva anafuna kubwera ndi moto, koma mayi ake analankhula naye pafoni kuseri kwa khola, ndipo moto uja unazima. Chimene anamuuza ndikuchidziwa, chifukwa mwezi wotsatira Olivia anatumiza thumba la nyemba za ku Dedza popanda uthenga uliwonse.

Papita zaka tsopano. A Basil akukhomabe maboti, ndipo anzawo angapo a msinkhu wawo tinawaperekeza kale, ena titawaimbira nyimbo pamphasa. Mapiritsi amamwa, kusikelo ya BP amapita, a Wongani asanasamutsidwe ankawatchula ngati chitsanzo kwa odwala ena. Kuukwati amanyamula chakudya chawochawo m'kontena, anthu n'kumanong'ona kuti taonani bambo wopirira. Ndipo iwo anaikonda mbiri imeneyi. Amayenda ngati munthu wosenza mtanda umene ukumukhala bwino. M'nyumba ankalankhula ndi mkazi wawo za mbuzi, za denga, za zidzukulu, koma ankalankhula ngati mmene umalankhulira ndi munthu amene unamugwira akuba n'kumusiya. A Esime ankayankha n'kumaphika. Kukalamba anakalamba msanga, zimenezo sindibisa.

Chaka chino, pa nyengo ya Lenti, abambo mfumu analalikira za kukhululuka, ndipo ulalikiwo unawalowa a Basil. Lolemba lake ananditumizira uthenga kuti ndipite ndikakhale mboni. Ndinawapeza atakhala pakhonde, atavala jekete, Baibulo pamwendo. A Esime anali pansi, pamkeka, osadziwa chimene aitanidwira.

"Amake Olivia," anayamba, ndi mawu awo a besi aja, "ine ndasenza nkhaniyi nthawi yaitali. Munandilakwira. Munafuna kundipititsa kumanda, ndipo mpaka lero simunapepese. Koma ine ndine Mkhristu. Pamaso pa aphunzitsi awa, ndikuti ndakukhululukirani. Simuyenera kuulula, simuyenera kutchula dzina la munthu. Zatha."

Ndinayembekeza kuti mayi uja apsa mtima, kapena alira. Koma chimene ndinaona pankhope pawo ndi mantha, mantha enieni, amene sindinawaone ngakhale tsiku la pansi pa mango lija. Anafunsa motsitsa mawu.

"Zatha zonse, bambo?"

"Zonse."

"Ndiye kuti mchere…"

"Aaa, ayi!" A Basil anakweza dzanja. "Pamenepo ayi. Kukhululuka ndakhululuka, koma kupusa sindinapuse. Mlandu uja kumwamba watha, koma m'thupi muno ulipobe. Inu sindidzakukhulupiriraninso, amake Olivia, ndisakunamizeni. Mchere m'kamwa mwanga sudzalowa mpaka tsiku londiika m'manda."

A Esime anatulutsa mpweya wautali. Anagwada bwinobwino, nawomba m'manja mwaulemu, monga amachitira munthu wolandira mphatso yaikulu.

"Zikomo, bambo a Olivia," anatero. "Mwandichitira chifundo."